Netiweki, data ndi intaneti: zomwe tinakambirana pa msonkhano ku Limbuli

A Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, zikomo pondipatsa mpata. Ena mwasiya khasu kumunda, ena mwachokera kotchola tiyi, ndiye sindikuchedwetsani.

Amene muli ndi foni yopalasa, takwezani tione. Eya, tsitsani. Chimene mwakwezacho ndi kompyuta, musamaganize kuti kompyuta ndi ya pa tebulo la mu ofesi yokha ija. Zonse zogwirika ndi manja, galasi, batire, mabatani, amati hardware. Malangizo osaoneka amene amayendetsa zimenezi amati software, ndipo WhatsApp, Facebook ndi ma app ena onse ali m'gulu limeneli.

Pogula foni mumaona pa katoni palembedwa manambala awiri, mwina 4GB ndi 64GB. Yaikuluyo ndi storage, nkhokwe yosungira zithunzi ndi nyimbo. Yaing'onoyo ndi RAM, lichero. Chimanga chikhoza kudzaza nkhokwe, koma mumapeta chokwana pa lichero basi. Foni ikamauma mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi, lachepa ndi lichero. Memory card imakulitsa nkhokwe yokha, choncho wina asakudyereni ndalama ponena kuti mukaigula, foni iyamba kuthamanga.

Tsopano mawu atatu amene ndabwerera, chifukwa timawasokoneza tsiku lililonse ndipo zimatiwonongetsa ndalama: netiweki, intaneti ndi data.

Netiweki ndi kulumikizana kwa makina awiri kapena ambiri. Ana akamatumizirana nyimbo pa Bluetooth, imeneyo ndi netiweki yaing'ono, yosalipira. Netiweki ya Airtel kapena TNM ndi kulankhulana kwa foni yanu ndi nsanja ija ya pa chitunda, ndipo timizere ta pamwamba pa galasi timakuuzani mphamvu yake. Mafunde ake sabowola thanthwe. N'chifukwa chake kuseri kwa phiri la Mulanje kapena m'chigwa timizere timazimiririka, munthu mpaka kukwera pa chulu. Pambali pa timizereto pamakhala chilembo. E ndiye kuti muli pa 2G, yoyenda pang'onopang'ono. H ndi 3G. 4G kapena LTE ndiye yothamanga. Mukaona E musaguleko bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha. Siinathe, kungoti pamene mwaimapo si pabwino.

Ife a kuno tili ndi vuto lathulathu. Muloza ndi apa, kutsidya ndi Milange. Foni ikhoza kusiya nsanja ya kwathu n'kugwira ya ku Mozambique, Movitel kapena Vodacom, inu muli pakhonde panu. Zimenezi amati roaming, ndipo mtengo wake ndi wa munthu amene ali kunja kwa dziko. Muziwerenga dzina limene lalembedwa pamwamba pa foni musanaimbe.

Intaneti ndi ma netiweki a dziko lonse lapansi atalumikizidwa pamodzi. Uthenga wanu wopita kwa mwana ali ku Johannesburg suuluka m'mwamba ulendo wonse ayi. Ukafika pa nsanja, mtunda wautali umayenda m'zingwe za fibre. Dziko lathu silinafike ku nyanja ya mchere, ndiye zingwe zathu zimadutsa ku Mozambique ndi ku Tanzania kukalumikizana ndi zina zogona pansi pa nyanja. Zimakathera ku makompyuta akuluakulu osazimitsidwa otchedwa ma server. Mukamva kuti zithunzi zili pa cloud, zili m'makompyuta amenewo, osati m'mitambo. Zonsezi zimafuna magetsi. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, mmene mafoni anangoti zii pamene timafunitsitsa kudziwa ngati abale ali moyo.

Data ndiye muyeso wa zimene mwatumiza ndi kulandira. Timayesa mu ma MB ndi ma GB, ndipo 1GB ndi ma MB pafupifupi 1,000. Mawu olemba amadya pang'ono kwambiri. Chimene chimatimaliza ndi kanema: wa mphindi zochepa amaposa mauthenga olemba masauzande. Amayi a mu gulu la banki mkhonde, bandulo ikamatha usiku umodzi, kawirikawiri ndi makanema a m'magulu a WhatsApp amene amadzilowera okha. Zimenezo zimatsekeka, tichita limodzi.

Wi-Fi musaisokoneze ndi intaneti, ndi njira chabe yolumikizira pafupi popanda chingwe. Mwana akati muyatse hotspot, foni yanu ndiyo yasanduka kansanja, ndipo data imene ikudyedwa ndi yanu. Ikanipo pasiwedi.

Pa pasiwedi pomwepa ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandipweteka kuona agogo akulira pa ejenti. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, kaya akuti akuimba kuchokera ku kampani, kaya akuti mwawina. Chaka chanu chobadwira musachiyese PIN. Ndipo link, timawu ta buluu timene mukatidina timakutengerani kwina, musadine ngati wotumizayo simukumudziwa.

Tsopano tikhale anthu asanuasanu, gulu lililonse likhale ndi wachinyamata mmodzi. Tsegulani pa Settings, kachizindikiro kooneka ngati giya ka njinga kaja, tiyambe ndi kuzimitsa data roaming. Amayi kumbuyoko, sendezani mpando kuno ndikuonetseni.