Alamu, musasaine kaye za inshuwalansi ya nyumbayo

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba kungatalike. Mwati a banki akukufulumizitsani kuti mugule inshuwalansi ya nyumba yatsopano ya ku Area 49 ija, ndipo makotesheni awiri muli nawo kale m'manja. Musasaine kaye. Ngati achemwali ali pafupi, aitaneni timvere limodzi.

Tiyambe ndi nambala imene mulembe pa fomu kuti ndiwo mtengo wa nyumba, a inshuwalansi amati sum insured. Anthu ambiri amagwera pomwepa. Musalembe ndalama zimene munawononga pomanga, ndipo musalembe ngongole imene mwatenga ku banki. Lembani ndalama zimene zingafunike kuti nyumbayo imangidwenso lero, kuyambira fawundeshoni mpaka malata, kuphatikizapo malipiro a amisiri ndi ndalama zochotsera zigumukire. Inu munayamba kumanga kwacha isanagwe. Mu May 2022 idatsika ndi 25 peresenti, mu November 2023 idatsikanso ndi 44 peresenti. Pitani ku Malangalanga mukafunse mtengo wa thumba la simenti ndi lata limodzi, muyerekeze ndi malisiti anu akale, mumvetsa zimene ndikunena.

Mwina mukuti, ndikalemba nambala yochepa pulimiyamu, ndalama imene ndimalipira ku kampani ya inshuwalansi, ikhala yochepa, ndipo nyumba yonse singapse kamodzi. Iwo anaziganizira kale zimenezo. Mu policy, chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampaniyo, muli kachiganizo kotchedwa average. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu kungafune K120 miliyoni, koma inu mwalemba K60 miliyoni. Moto wabuka kukhitchini, wawononga za K20 miliyoni. Inu mukuti palibe vuto, 20 ali mkati mwa 60. Ayi, alamu. Akuuzani kuti munateteza theka la nyumba, choncho alipira theka la zowonongekazo, K10 miliyoni, n'kuchotsaponso excess, ndalama ija imene mumayamba mwalipira nokha pa kleyimu iliyonse, ndiko kuti nthawi iliyonse mukapempha kampani kuti ikulipireni. Zotsalazo zituluka m'thumba mwanu. Ndiye pezani quantity surveyor kapena valuer wovomerezeka, akatswiri owerengera mtengo wa nyumba, akuwerengereni, ndipo chaka chilichonse pokonzanso policy muziikweza nambalayo. Mtengo wa puloti musauikemo, nthaka siipsa, mungangolipira pulimiyamu pachabe.

Chinanso, inshuwalansi imene a banki akufuna ndi ya chinyumba chokha: makoma, denga, zitseko, ndi zonse zomangidwira pomwepo. Akuteteza ngongole yawo. Masofa, firiji, TV, mabedi, zovala, zimenezo zili pa policy ina ya katundu wa m'nyumba. Yoyamba amati houseowners, yachiwiri householders, mayina ofanana moti munthu amatuluka mu ofesi akuganiza kuti wagula zonse. Funsani mwachindunji kuti, akuba akanyamula TV mudzalipira? Ndipo inshuwalansi ya moyo imene a banki amaphatikiza pa ngongole ndi nkhani inanso, imabweza ngongole mwini akamwalira, siimanga nyumba.

Mpanda wanu uja, geti, thanki yamadzi ndi nsanja yake, masola a padenga, inverter ndi mabatire, nyumba ya wantchito kuseli, zonsezi zilembedwe ndi mitengo yake. Makamaka mpanda. Mvula ya Januwale ikalimba, chimene chimayamba kugwa muno mu Lilongwe ndi mipanda ya njerwa, ndipo ma policy ena amauchotsa mpanda pa nkhani ya mvula ndi madzi osefukira. Funsaninso za magetsi: akazima n'kubwera mwamphamvu n'kuotcha firiji, ali mkati kapena muwonjezere kandalama?

Za madzi ndiimepo pang'ono. Mukukumbukira mu 2017 Lingadzi atasefukira, mmene zidalili ku Mtandire ndi nyumba za m'mbali mwa mtsinje ku Area 47 ndi 49. Pa fomu akakufunsani ngati nyumba ili pafupi ndi mtsinje kapena dambo, nenani zoona, ngakhale pulimiyamu ikwere. Mukabisa, tsiku la kleyimu adzatumiza munthu kudzaona malowo, ndipo ali ndi mphamvu yokana kulipira chifukwa simunaulule. Chimodzimodzi ngati pali kachisakasa kofolera udzu pafupi ndi nyumba, kapena mukufuna kutsegula kagolosale pampanda, kapena kusunga mafuta a galimoto m'zigubu. Mapulani anu ovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda muwasunge pabwino.

Onaninso ngati chivomerezi chilimo mu policy, poti cha ku Salima cha 1989 chidagwedeza mpaka kuno. Za zipolowe nazonso, tidaona ziwonetsero za 2019. Chitetezo cha zipolowe zandale kawirikawiri chimagulidwa padera.

Tsamba limene anthu sawerenga ndi la zinthu zosalipiridwa. Chiswe chikadya mitengo ya kudenga, salipira. Khoma likang'aluka chifukwa mmisiri anaba simenti, salipira. Denga lodontha chifukwa chakutha, salipira. Pa za kuba, ambiri amafuna umboni woti akuba anathyola chitseko, zenera kapena ma burglar bars. Wantchito akangotuluka ndi katundu pakhomo lotsegula, imakhala nkhani yovuta. Ndipo poti munati mwina simulowamo mpaka ana atseke sukulu, yang'anani masiku amene nyumba ingakhale yopanda munthu. Policy iliyonse imatchula malire ake, mukapyola chitetezo china chimaima. Mukaganiza zoikamo alendi, auzeni. Ngati amisiri akadali pamalopo kumaliza matailosi ndi siling'i, nenaninso, chifukwa nyumba imene ikumangidwa ili ndi inshuwalansi yakeyake.

Makotesheni anu awiriwo musawayerekeze poona pulimiyamu yokha. Aikeni pamodzi, muone excess, muone zimene achotsa. Makampani alipo angapo, NICO General, Britam, Reunion, General Alliance, United General, ndiye tengani kotesheni yachitatu. Amene akukugulitsani, kaya ndi ejenti kaya broker, akuonetseni chiphaso chake; amene amapereka ziphasozi ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo madandaulo akakanika kukampani amapitanso komweko. Ndalama lipirani ku akaunti ya kampani, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo mutenge lisiti ndi policy yeniyeniyo yokhala ndi tsiku loyambira.

Mukalowa m'nyumbamo, jambulani chipinda chilichonse pa foni, malisiti a katundu wamkulu muwajambulenso, mutumize ku imelo yanu kuti foni ikatayika zisapite nazo. Kukachitika ngozi, auzeni a inshuwalansi tsiku lomwelo, kukakhala kuba kapena moto tengani lipoti la apolisi, ndipo musayambe kukonza kapena kutaya zowonongeka munthu wawo asanabwere kudzaona.

Makoteshoniwo muwajambule munditumizire madzulo ano, masamba onse, ndi a zilembo zing'onozing'ono omwe. Mupereke moni kwa ana.