Fumbi ndi Phokoso la Galayinda pa Ntchito Yomanga

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, makamaka inu amisiri omanga amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzamve mawuwa.

Mmisiri akamadula njerwa, matailosi kapena konkire ndi galayinda, amatuluka ali mbuu, nsidze ndi tsitsi lomwe, ngati wochokera kuchigayo. Komatu wa kuchigayo wapuma ufa, pamene uyu wapuma mwala. Mumchenga, m'miyala ya kwale ndi m'konkire muli silika, mtundu wina wa mwala wolimba, ndipo fumbi lake losaoneka ndi maso limalowa mkatikati mwa mapapo n'kusiyamo zipsera zimene sizichoka. Matendawa, otchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo amachititsa kuti munthu agwidwe msanga ndi chifuwa chachikulu. Ambiri muno mukukumbukira abambo amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ku Joni pa Wenela kapena pa Theba, n'kubwerako ali wefuwefu ngakhale pokwera kachulu. Fumbi lake ndi lomweli, ndipo mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa odwala oterewa.

Kansalu komanga pamphuno sikatchinga fumbili, choncho pamafunika masiki ya N95 yogwira bwino kumaso. Chithandizo chachikulu, komabe, ndi madzi: dulani ndi makina othira madzi pa mpeni wake, ndipo wazani pansi musanasese. Ndichenjezepo kuti kuthira madzi a m'botolo pa galayinda wamba wamagetsi n'kuitana ngozi ina, yogwidwa ndi magetsi.

Za phokoso, malire ake ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 pa maola 8, koma galayinda amafika cha m'ma 100, pamene khutu limapirira mphindi 15 zokha. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene ali pamtunda wa mkono umodzi akumveni, kapena ngati m'makutu mukulira madzulo mukaweruka, dziwani kuti khutu lili pangozi yoonongeka, ndipo kugontha kotereku sikuchizika. Thonje silikwanira, valani zotseka m'makutu zopangidwira ntchitoyi.

Lamulo la Malawi la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limapereka udindo wogawa zida zodzitetezera kwa olemba ntchito, kotero mawa m'mawa funsani akapitawo anu musanayatse makina.