Chotenthetsera m'nyumba: tigule cha gasi kapena cha magetsi?

Moni nonse amene mukuonera, makamaka abale athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Inu a mumzinda wa Tete mwina mukuseka, chifukwa vuto lanu ndi thukuta. Koma kagoneni ku Ulongué mwezi wa Juni kapena Julaye, mukamvetsa chifukwa chake anthu akufunsa za zotenthetsera m'nyumba.

Tiyambe ndi cha magetsi, chija chimaoneka ngati nkhuni zikuyaka kuseri kwa galasi. Motowo ndi wongokongoletsa, ndi timagetsi ta LED basi. Kutentha kwenikweni kumachokera ku waya wotentha ndi kafani kouzira mpweya, ndipo zambiri zimakoka mawati 1,500 mpaka 2,000.

Tengani cholembera. Cha mawati 2,000 chimadya mayunitsi 2 pa ola. Mukamayatsa maola 3 madzulo aliwonse, ndiye kuti mayunitsi 6 pa tsiku, 180 pa mwezi. Kaoneni kuti pano mumagula angati pa Credelec, mita ija ya magetsi olipiriratu, ena mupeza kuti chotenthetsera chokha chikuposa nyumba yonse. Wina anena kuti, “Nanga Cahora Bassa si ili kwathu konkuno ku Songo?” Eya, ndi damu la mamegawati 2,075, koma magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo mita yanu sidziwa kuti ndinu mnansi wa damu.

China: chotenthetsera cha mawati 2,000 chimakoka pafupifupi ma amp 9. Chilowe pa soketi yakeyake ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yomwe mwasomekapo kale firiji ndi TV. Pulagi ikamatentha, zimitsani muitane wodziwa za mawaya.

Tsopano cha gasi. Ichi ndi moto weniweni, ndipo magetsi akathima icho chimangoyakabe. Kilogalamu imodzi ya gasi imapereka kutentha kofanana ndi mayunitsi pafupifupi 13, kotero botija (silinda ya gasi) la makilogalamu 11 ndi mayunitsi pafupifupi 140. Mukafuna kudziwa chotsika mtengo kwanuko, funsani mtengo wodzadzitsira botija muyerekeze ndi mtengo wa mayunitsi 140. Musaiwale ndalama ya njinga yamoto yokatengera botijalo, makamaka inu a ku Domué ndi ku Furancungo. Komanso cha gasi chachikulu cha mawati 4,200 mukachitsegula chonse chimatentha magalamu pafupifupi 300 pa ola, botija limatha m'maola 36. Ngati ndi lomwe amayi amaphikira, mkangano wa nsima uli pafupi.

Apa ndiye mumvetsere bwino. Chotenthetsera cha gasi chopanda chumuni chimapuma mpweya womwewo umene inu mukupuma. Mukatseka zitseko ndi mawindo onse, mpweya wabwino umachepa, gasi sapsa bwino, ndiye pamatuluka mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Saoneka, sanunkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba. Choncho windo likhale lotsegula pang'ono, ndipo pogula funsani ngati chili ndi kachipangizo kozimitsa chokha mpweya ukachepa. Moto ukamatuluka wachikasu ndi mwaye, china chake chalakwika. Polumikizira paipi pakanipo thovu la sopo: likamafufuma, gasi akutuluka. Machesi ayi, chonde.

Gasi akamayaka amatulutsanso chinyezi, kuposa kilogalamu imodzi ya madzi pa kilogalamu iliyonse ya gasi. N'chifukwa chake mawindo amachita thukuta ndipo nguwi imayamba kuseri kwa kabati.

Ine maganizo anga ndi awa. Kuchipinda chogona, makamaka kwa ana ndi agogo, gasi asalowe. Kumeneko ndi kwa magetsi, ndipo musayanike zovala pamwamba pake. Pabalaza lalikulu, pomwe anthu ali maso ndipo magetsi kwanuko amathimathima, gasi ndiye amathandiza.

Musanapite kusitolo, yang'anani kudenga. Ngati mukuona malata, mpweya wotentha ukwera n'kuthawira komweko, kaya mwagula cha gasi kaya cha magetsi. Ndalama yoyambayo ipite pa siling'i ndi kutseka mipata ya pansi pa zitseko, kenako ndiye mukagule chotenthetsera, mwinanso chaching'ono cha mawati 1,000 chikwanira.