Chifukwa chiyani boma la America limatseka maofesi ake?

Moni nonse amene mukutionera. Dziko la America ndi lolemera kuposa mayiko onse, komatu nthawi zina limalephera kulipira antchito ake a boma. Ndalama zimakhala zilipo ndithu, chimene chimasowa ndi chilolezo cha aphungu chozigwiritsira ntchito.

Chaka cha zachuma cha boma la America chimayamba pa 1 Okutobala. Tsikuli likafika aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, asanavomereze bajeti, lamulo limaletsa nthambi za boma kugwiritsa ntchito ndalama. Antchito ena amawauza kuti akhale kunyumba. Ena, monga owongolera ndege m'mabwalo, amagwirabe ntchito koma osalandira kanthu mpaka mkangano utatha. Ndipo ku Senate, nyumba ya maseneta 100, bajeti imafuna mavoti 60 kuti idutse, choncho chipani chokhala ndi anthu ochepa chimatha kuimitsa zonse.

Tione zimene zinachitika mu 2013. A chipani cha Republican ankadana ndi lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lomwe Barack Obama anasainira mu 2010, lija amalitcha Obamacare, ponena kuti boma likulowerera kwambiri pa moyo wa anthu ndi malonda. Ted Cruz, seneta watsopano wa ku Texas, anaima m'nyumbamo n'kulankhula maola 21 kuti lamulolo lisapatsidwe ndalama. Bajeti sinadutse, boma linatseka masiku 16, antchito pafupifupi 800,000 anakhala kunyumba, ndipo Obamacare inapitirira ngati kale. Ndiye Cruz analuza? Ayi. Dzina lake linamveka dziko lonse, ndipo mu February 2016, pa chisankho chachipulula chofuna woimira chipani pa upulezidenti, anapambana m'chigawo cha Iowa, kugonjetsa Donald Trump.

Apa m'pamene pagona nkhani. Madera ambiri ku America amadziwika kale kuti ndi a chipani chiti, motero mpikisano weniweni wa phungu umakhala pa chipulula. Ovota pa chipulula amakhala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi aja oyaka moto ndi chipani, amene amaona kugwirizana ndi mbali inayo ngati kugulitsa chipani. Mu 2014, Eric Cantor, wachiwiri pa utsogoleri wa aphungu a Republican, anagwa pa chipulula ku Virginia, atagonja kwa Dave Brat, mphunzitsi wa zachuma amene sankadziwika n'komwe. Aphungu anzake anaona, ndipo anatengapo mantha. Njovu zikamamenyana chonchi, wovutika ndi udzu, ndipo ine chimandiwawa n'chakuti udzuwo ndi mlonda, kalaliki, mayi wodalira thandizo la chakudya.

Matendawa ali ku zipani zonse ziwiri. Kuyambira pa 22 Disembala 2018 boma linatseka masiku 35 chifukwa Trump ankafuna madola 5.7 biliyoni omangira mpanda pa malire ndi Mexico. Mu 2025 anali a chipani chinacho, cha Democrat, amene anakana kupereka mavoti awo, pofuna kuti boma lipitirize kuthandiza anthu kulipira inshuwalansi ya zaumoyo. Kutsekako kunatenga masiku 43, motalika kuposa kale lonse, ndipo thandizo la chakudya la anthu pafupifupi 42 miliyoni linasokonekera.

Mkanganowo unatha pa 12 Novembala maseneta 8 a mbali ya Democrat atavota limodzi ndi a Republican, ngakhale thandizo la inshuwalansi lomwe ankamenyera silinali m'mgwirizanomo. Anzawo m'chipani anawadzudzula koopsa. Koma taonani amene analimba mtimawo: awiri, Dick Durbin ndi Jeanne Shaheen, anali atalengeza kale kuti akupuma pa ndale, ndipo enawo mipando yawo sinali pa chisankho cha 2026. Mwa onse 8, panalibe ndi mmodzi yemwe amene chipulula chinkamudikira chaka chotsatiracho.