Kodi chikwapu chimamuphunzitsa chiyani mwana?

Moni nonse, makamaka inu makolo. Lero tikambirane langizo lomwe ambirife tinakula nalo, loti mwana ukapanda kumukwapula salongosoka. Amati "m'mera mpoyamba", kenako n'kuloza kamtengo kuseri kwa nyumba. Mwambiwo ndi woona, koma sunena kuti tiwongole ndi chikwapu.

Tiyerekeze kuti mwatuma mwana wa zaka 7 kukagula mchere pagolosale. Wabwerako, chenji palibe. Mwamuuza kuti akathyole yekha chikwapu, walira, watonthola, nkhani yatha. Tsiku lina ndalama ikadzagwanso panjira, sadzanena kuti "Amayi, ndataya". Adzati wagolosale sanamupatse chenji. Kusamala ndalama sanaphunzire. Waphunzira kuti kunena zoona kumapweteka.

Mu 2016, akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, anaunika kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000. Anapeza kuti ana okwapulidwa kawirikawiri amakhala aukali, osamva, ndiponso amavutika m'maganizo. Umboni woti kukwapula kumakonza khalidwe sanaupeze.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Ife tinakula ndi lamba, nanga si tili bwinobwino?" Ndikumva. Koma kumbukirani zonse zomwe zinakulerani. Panali agogo okufotokozerani nthano madzulo pamoto, azakhali okuitanirani pambali n'kukulangizani mofatsa, amalume omwe mawu awo amodzi okha ankakwanira. Ine ndikukhulupirira kuti zimenezo n'zomwe zinatiumba. Chomvetsa chisoni n'choti m'matauni muno zambiri mwa izo tazisiya, lamba yekha ndiye tamusunga.

Musaganize kuti izi n'zachizungu chabe. Inde, Sweden ndi yomwe inayamba kuletsa kumenya ana mu 1979, koma khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linagamula chimodzimodzi mu 2019, ndipo Zambia inaika chiletsocho m'lamulo lake la ana mu 2022.

Tsono titani? Kumulekerera ayi. Yambani mwadikira kuti mtima ukhale pansi. Mufunseni chomwe chachitika, ndipo mulekeni afotokoze mpaka amalize, osamudula ndi mawu oti "mwana sayankha akuluakulu". Chilango chigwirizane ndi cholakwacho: wataya madzi, akolope, wang'amba kope la mnzake, akapepese yekha pamaso.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Mwana amene amaopa kukuuzani za mbale yosweka, kodi adzakuuzani tsiku lomwe wachibale kapena munthu wina wamkulu wamugwira mosayenera? Ochitira ana nkhanza amadziwa za mantha amenewa, n'chifukwa chake amawaopseza kuti "ukanena, akakumenya ndi iweyo". Ngati mukukayikira kuti mwana wina akuchitiridwa nkhanza, kuno ku Malawi imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.