Kuchokera ku Joni: ndapempha ndalama ya kafukufuku wa nyumba za lendi

Moni abale ndi alongo a ku Area 25, Kawale, Chinsapo ndi nonse amene mukundimvera pafoni. Kuno ku Johannesburg kukuzizira, koma sukulu ya mapulani a mizinda ikuyenda bwino.

Nkhani ya leroyi ena simuikonda, ndikudziwa, komabe mundimvere mpaka ndimalize. Yunivesite yathu yapatula ndalama zothandiza ophunzira ofufuza mmene anthu a LGBTQ (monga amuna kapena akazi okondana okhaokha) amakhalira m'mizinda, ndipo ine ndapempha nawo. Kuno si chachilendo. Malamulo a dziko lino a 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha unaloledwa mu 2006. Ku yunivesite ya Wits kuli nkhokwe ya GALA, imene yakhala ikusunga makalata ndi zithunzi za anthu amenewa kuyambira 1997. Ndikawerenga mapepala akumeneko, mtima umapita kwathu.

Amalume atamva anandifunsa kuti, "Zimenezo zikugwirizana bwanji ndi njerwa?" Zikugwirizana kwambiri, amalume. Lilongwe wathu anachita kujambulidwa papepala, ndi thandizo la South Africa, asanakhale likulu mu 1975. Ojambulawo ndi amene anasankha malo oti Capital Hill ikhale. Lero Area 47 ndi Mtandire n'zoyandikana, koma moyo wake ndi wosiyana kutalitali. Wa ku Area 47 akatseka geti, zake zimathera kumpanda. Wa lendi ku Mtandire amatunga madzi pakiyosiki imodzi ndi mudzi wonse, bafa ndi chimbudzi n'zogawana, ndiye mphekesera yoti ndi wa LGBTQ ikangomveka, alandilodi amamutulutsira katundu panja. Kupolisi sangapiteko, poti Gawo 153 la malamulo athu a milandu ku Malawi, limene amazengera nalo ogonana amuna okhaokha, limanena za zaka 14 kundende, ndipo mu June 2024 khoti linakana kulichotsa.

Munthu wothamangitsidwayo ndi mwana wa winawake, ndipo usiku umenewo amafunika pogona. Zimenezi ndi zimene zimandisowetsa tulo. Ndalamayo ikatuluka ndibwera m'nyengo ya tchuthi kudzacheza ndi anthu a lendi komanso eni nyumba, popanda kulemba dzina la aliyense. Alandilodi amene mungalole kucheza nane, nditumizireni uthenga pa WhatsApp. Zikomo kwambiri, tionana sabata yamawa.