Chipatala lero, mlandu mawa: zomwe namwino anayankhula pa msonkhano wa makolo ndi achinyamata

Zikomo, khalani pansi ndithu. Akumbuyoko mukundimva? Anyamata mwaima pakhomopo lowani, nkhaniyi ndi yanu yomwe, musaime ngati mwabwera kudzaonera mpira.

Sindichulutsa malonje chifukwa nonse mukudziwa chatisonkhanitsa. Mnyamata uja wa Loweruka lapitali. Dzina sinditchula ndipo inunso musamatchule, ali moyo, akuchira, makolo ake andilola kuti ndiyankhule bola dzina likhale lawo. Zaka 15 zokha. Anali ndi anzake anayi, anapeza mowa waukali uja nkumamwa mopikisana kuti tione mwamuna ndani, kenako wina anatulutsa botolo la mankhwala a chifuwa nkuthiramo. Mnyamatayo atagwa anzake sanathawe ayi, ndipo apa ndiwayamike, anamunyamula bwinobwino kukamugoneka chagada kuchipinda kwa mmodzi wa iwo, kumufunditsa, kutseka chitseko, akuti agone mowa utsike. Anapulumuka chifukwa mlongo wa mwini chipinda uja anamva mkonono wachilendo ngati munthu akumira nde anatsegula. Anapeza milomo yasintha mtundu, masanzi ali kukamwa.

Ndinakhala nawo pansi anyamata aja, ndinawafunsa funso limodzi, bwanji simunaitane munthu wamkulu? Onse anayi yankho limodzi, akuti timaopa kuti kunyumba akatipha. Mwamva makolo? Mnzawo akufa pamphasa, iwo akuopa ife. Ana athu akutiopa ifeyo kuposa imfa, ndipo ichi ndi chomwe chandiimika pano lero.

Nde chinthu choyamba, ngakhale muiwale zina zonse. Mwana amene waledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, ameneyo sakugona. Osamusiya. Mutembenuzeni chammbali, thamangani naye kuchipatala. Chipatala lero, mlandu mawa.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti ambiri timaganiza kuti munthu akasiya kumwa ndiye kuti mowa wayamba kutsika. Ayi. Umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi iye ali chigonere, moti amene munamugoneka akuyankhula zopanda mutu, pakatha ola akhoza kukhala woti sakumvanso kanthu. Chiwindi sichifulumizidwa. Cha munthu wamkulu chimatenga pafupifupi ola lathunthu, mwina kuposa, kuti chichotse mowa wa kabotolo kamodzi kakang'ono, nde ganizani kamwana kathupi kochepa kamene kameza zaukali ngati madzi mu mphindi 20. Khofi sachotsa mowa. Kumuthira madzi ozizira sikuchotsa mowa, kumangomuziziritsa thupi lomwe lazizira kale. Kumuyendetsa kuti athamange thamange, angogwa nkumenyetsa mutu. Kumulowetsa chala kukhosi kuti asanze, ameneyo ndiye mwamupha, chifukwa munthu wokomoka satha kutsokomola, masanzi amalowa m'mapapo. Nchifukwa chake ndikuti chammbali, osati chagada.

Ndipo mowa ntchito yake ndi yogonetsa ubongo, ukachuluka umagonetsanso kachigawo kamene kamakumbutsa thupi kupuma. Muwerenge kupuma kwake. Ngati pa mphindi imodzi akupuma kosafika ka 8, kapena akumakhala masekondi 10 osapuma, thupi lazizira, milomo yachita bii, musadikirenso kuti kuche.

Tsopano botolo la chifuwa lija. Ena a inu munadabwa kuti mankhwala a chifuwa angaledzeretse bwanji. Ena mwa mankhwala amenewa amakhala ndi codeine, ndipo codeine akafika kuchiwindi thupi limamusandutsa morphine, yemwe uja timapatsa odwala ululu waukulu. Nayenso amachepetsa kupuma. Nde mowa ukukokera kupuma pansi, codeine akukokeranso pansi, mwana ali pakati. Chimodzimodzi mapilisi ogonetsa ngati diazepam, chimodzimodzi tramadol, mapilisi aja a ululu, ameneyu akachuluka amagwetsanso ngati khunyu. Mukamapita naye kuchipatala tengani botolo kapena kapepala ka mapilisi komwe mwapeza, musabise chifukwa cha manyazi, ife sitikufunsa kuti tikunyozeni. Pa codeine ndi abale ake alipo mankhwala otchedwa naloxone omwe amabweza kupuma, koma tidziwe kaye kuti wamwa chani.

Ndipo ndikufunseni amayi, mapilisi otsala a agogo aja ali pati kunyumba? (kuseka) Musaseke, ali pawindo, ali mu kabati yosakhoma, chaka chachitatu ichi. Ana sapita kutali kukafuna zinthu zimenezi.

Kulinso mowa wosadziwika kumene wachokera, wa m'mabotolo opanda dzina, wina amausakaniza ndi sipiriti wa mtundu wa methanol. Ameneyu ndi wachinyengo chifukwa munthu amaoneka ngati wangoledzera wamba, kenako pakatha maola 12 mpaka tsiku lathunthu mutu, kusanza, maso kuchita chifunga, ena osaonanso mpaka kale. Mwana akadzuka mmawa nkunena kuti sindikuona bwino, amenewo si matsire. Chipatala lero, mlandu mawa.

Ndiye pali funso lomwe makolo mumandifunsa kawirikawiri, mwana wanga ndi wanzeru, kusukulu amakhoza, zatheka bwanji? Nzeru za m'kalasi ndi zina. Ubongo wa munthu umamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, ndipo mbali yomalizira ndi iyi yapachipumiyi, yomwe imati taima kaye, taganiza za mawa. Pamene mbali yofuna zokoma, yofuna kuti anzanga andione, imakhala itadzuka kalekale. Zili ngati njinga pamtsetse mabuleki asanamangidwe. Mowa, chamba, fodya, ngakhale timabotolo tamagetsi tosuta tonunkhira ngati maswiti tija, zonsezi zimatulutsa mu ubongo kamadzi kotchedwa dopamine kamene kamauza munthu kuti ichi nchabwino, ubwerezenso. Ubongo wa mwana umaphunzira msanga, nchifukwa chake amadziwa foni yanu kuposa inu eni ake, nde chibabanso amachiphunzira msanga choncho. Amene wayamba kumwa asanafike zaka 15 mpata woti adzakhale chidakwa ndi wochuluka kangapo kuposa amene wadikira kukula. A World Health Organization, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anawerengera kuti mu 2019 mokha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mowa, ndipo ambiri a anthu amenewa sanayambe ali ndi imvi ayi.

(Bambo wina kumbuyo: Amayi, pepani ndikuduleni. Ife tinayamba kumwa tili anyamata, ena mpaka chamba anasuta, sitinapenge, tili pano. Ana a masiku ano akusowa chikwapu basi.)

Zikomo bambo, ndipo musakhale pansi mwamanyazi, mwayankhulira ambiri amene angoti zii. Ndikuyankhani zonse ziwiri.

Mwati muli pano. Zoona, ndipo tikuthokoza. Koma ndikupempheni, usiku uno mukagona muwerenge anzanu amene munkamwa nawo muli anyamata, mmodzi mmodzi ndi maina awo. Angati ali pano? Amene chiwindi chinatupa, amene anagundidwa akuchokera komwa, amene banja linatha, amene akuyenda kuyankhula yekha, amenewo sabwera pa msonkhano kudzaimika dzanja. Timamva mawu a opulumuka okhaokha nde timaganiza kuti onse anapulumuka.

Za chamba, sindinama kuti aliyense wosuta amapenga, mukanandigwira bodza pompano. Koma anthu sitinapangidwe mofanana. Wina amasuta zaka nkukhala, wina miyezi yochepa wayamba kumva mawu, kuona ngati anthu akumulondola, osagona usiku. Chiopsezo chimakula ngati wayamba ali wamng'ono, ngati akusuta tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati kubanja kwawo kuli kale matenda a maganizo. Vuto ndi loti palibe chizindikiro pachipumi chotiuza kuti uyu apirira uyu sapirira, umadziwa zitachitika. Komanso m'maiko ambiri komwe amayeza, chamba cha masiku ano chili ndi THC wochuluka, ndiye chinthu choledzeretsacho, kuposa cha zaka 30 zapitazo. Ndipo nthawi yanu bambo kunalibe foni yoti mwana aitanitse chinthu ali kuchipinda inu muli pabalaza kuonera nkhani. Ngakhale amene sanapenge, muoneni m'kalasi, zomwe waphunzira mmawa madzulo zauluka.

Tsopano chikwapu. Ine sindikuti mwana asadzudzulidwe, ayi, nyumba yopanda malamulo si nyumba. Koma ndikuuzeni zanga. Mwana wa mchemwali wanga ndinamulera ine, ndinamupeza ndi fodya ali ndi zaka 14, ndinamukwapula mpaka dzanja langa kuwawa, ine namwino amene ndaima panoyu. Ndinagona mokhutira kuti ndathana nazo. Mukudziwa chimene anaphunzira? Kutafuna chingamu asanalowe m'nyumba. Kulowera khomo lakuseri. Zaka ziwiri ine ndikuuza anzanga kuti wanga uja anasiya, pamene anali atafika pa zina zoposa fodya. Tsiku lomwe tinayankhulana zenizeni ndinalibe ndodo, tinali kuchapa limodzi, ndinangomufunsa kuti kodi chimakusowetsa mtendere nchani. Analira. Nkhani inali ya mayi ake omwe anamwalira, palibe anamufunsapo chiyambire maliro. Fodya uja anali utsi chabe, moto unali kwina.

Nde bambo, chikwapu chimaphunzitsa kubisa. Ndipo kubisa ndi kumene kunatseka chitseko chija Loweruka. Anyamata anayi aja onse amakwapulidwa kwawo, ndinawafunsa. Chikwapu sichinawaletse kumwa, chinangowaletsa kuitana thandizo.

Ndipo poti mwandiyambitsa, ndikudzudzuleni pang'ono abambo, mwachikondi. Ndani amatuma mwana kukagula mowa? Ndani amati talawa pang'ono ukhale mwamuna, anzake nkumaseka mwana akukwinya nkhope? Mwana samva zomwe tikunena, amaona zomwe tikuchita. Akaona kuti bambo akakhumudwa amamwa, akasangalala amamwa, kukabwera alendo amamwa, waphunzira kuti mankhwala a chilichonse ali m'botolo. Amayi nanunso musagwedeze mitu ngati muli oyera, inu ndi amene mumabisa. Mwapeza kanthu m'thumba la yunifolomu pochapa, mwataya mwakachetechete kuti bambo ake asadziwe, aneba asamve. Paja amati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, nde timasankha kuteteza mtengo tsamba likuuma. Ndipo musaganize kuti ndi za anyamata okha. Atsikana akumwanso, thupi lawo limaledzera msanga pa mowa wofanana, ndipo mtsikana woledzera pakati pa anthu amakumana ndi zina zomwe tonse tikuzidziwa, mimba, matenda, kugwiriridwa. Akabwera kudzakuuzani musayambe ndi unkafunako chani.

Aaa ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, dzuwa lapendeka, ndithamange.

Zoti muziona. Mwana wasintha anzake mwadzidzidzi ndipo atsopanowo safika pakhomo. Ndalama ndi tinthu tikusowa m'nyumba. Magiredi atsika, akujomba. Maso ofiira, kugona masana, kudya ngati dzombe kapena osadya nkomwe, kupsa mtima pa zazing'ono, fungo la guluu kapena petulo pa malaya. Chimodzi chokha si umboni, unyamata umasinthanso munthu, koma zikakumana zitatu zinayi khalani naye pansi. Osati ataledzera, osati pagulu, osati inu mutakwiya. Funsani, kenako tsekani pakamwa mumve. Lamulo nenani momveka, muno mowa ayi, chamba ayi, ndipo likaswedwa chilango chikhale chomwe munagwirizana. Koma muwonjezere ili, ndipo mukanene lero lomwe: ukakhala pamavuto, kaya iwe kaya mnzako, kaya ndi 2 koloko usiku, ndiimbire, ndibwera, sindikumenya, tikamba mawa. Mapilisi khomerani, otsala bwezani kuchipatala. Dziwani makolo a anzake, patsanani manambala musanatuluke muno, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ogulitsa kwa ana musamawanong'onezane, kawanenezeni.

China chofunika ndisaiwale. Ngati mwana wafika pomwa tsiku lililonse, mmawa manja akunjenjemera mpaka alaweko, ameneyo musamutsekere m'chipinda kuti asiye lero lomwe. Kusiya mwadzidzidzi kumagwetsa khunyu, kumasokoneza mutu, kumapha. Mubwere naye, pali njira yake yomusiyitsira ndi mankhwala komanso uphungu. Akabwereranso kumowa pakatha miyezi musati zakanika, ambiri amagwa kangapo asanaime, mubwere nayenso.

Inu anyamata ndi atsikana apakhomo, ndiyang'aneni. Mnzanu akagwa osadzuka mutani? Sindikumva. Chammbali, eya. Kenako? Kuitana wamkulu. Mukhale naye osachoka mpaka thandizo lifike. Chipatala lero, mlandu mawa, ndipo makolo anu amva onse, ndi mboni.

Amene mukuthamangira ana kunyumba pitani, koma ndikufuna anthu awiri kutsogolo kuno, mmodzi agone pansi ngati waledzera ndikuonetseni kagonekedwe kake, bondo lapamwamba limapindidwa chonchi, dzanja pansi pa tsaya, chibwano mmwamba pang'ono. Bambo a chikwapu aja, bwerani ndinu mugone. (kuseka) Yalani chitenje apo asade malaya.